Lachitatu ku Harrogate

Lachitatu lililonse ndimatsika basi yochokera ku Leeds,
mvula ya kuno ikuwaza, yosameretsa mbewu, yongozizira m'mafupa,
n'kugogoda pa chitseko chobiriwira cha banja la a Thackray.
Anandilemba ntchito yachilendo:
kuphunzitsa mdzukulu wawo Ottilie kulemera kwake kwa ndalama
agogo ake asanatsikire kulichete
n'kumusiyira fakitale ya nsalu zaubweya,
nyumba za lendi khumi ndi ziwiri,
ndi nkhalango ina ku Scotland imene sanaipondemo n'kamodzi komwe.

Anzanga a kutchalitchi amaseka chikhakhali.
Iwe Mwandida, amene chuma chamasiye cha bambo ako
chinatha anthu asanachoke pasiwa,
achibale atanyamula njinga, wailesi, ndi malata omwe a padenga,
iweyo ukalangize mwana wa mpondamatiki?
Inde, ineyo.
Wodziwa kuya kwa chitsime ndi amene anachiona chitaphwa.

Tsiku loyamba ndinamulanda khadi la kubanki
n'kumuwerengera mapaundi makumi anayi m'manja:
awa akufikitse Lachitatu likubwerali.
Anatha Loweruka masana.
Khofi, takisi, maluwa a mnzake wodwala chimfine.
Anandiimbira ali pa siteshoni ya York, mawu akunjenjemera ndi ukali.
Ndinamusiya pa benchi ola lathunthu
ndisanamutumizire ya sitima,
ndipo ndinailemba m'kabuku: ngongole.

Sabata yachisanu tinatsegula buku la malipiro.
Ndinati, manambala asiye kaye, werenga mayina, mokweza.
Anawerenga monyinyirika, ngati wokakamizidwa kumwa mankhwala owawa,
mpaka anafika pa Dermot Quill,
mlonda wausiku, zaka makumi atatu ndi chimodzi pa geti lomwelo,
amene anamubwezeretsera tcheni cha njinga ali kamtsikana.
Anayang'ana malipiro a mkuluyo,
kenako nsapato zimene iye anavala,
n'kubisa mapazi pansi pa tebulo.

Ndiye ndalamazi n'zayani? anafunsa.
Loya wa banjali akanayankha ndi mapepala.
Ine ndinati: dzina ndi lako, thukuta ndi la ambiri.
Chuma ndi khanda limene mayi wina wakusungitsa pokwera basi;
sunalibereke ndiwe,
koma likagwa onse adzayang'ana manja ako.
Sanayankhe. Panja wosamalira maluwa ankasesa masamba
amene mphepo inkawabweza pomwepo.

Musaganize kuti anasanduka mngelo.
Mu Disembala anagula chikhoti
cha mtengo wa lendi yanga ya miyezi iwiri,
ndipo tinakangana mpaka tiyi anazizira.
Koma anachilemba m'kabuku ndi dzanja lake, osachepetsako,
ndipo m'munsi mwake, timalemba ting'onoting'ono:
sindimachifuna kwenikweni.

Agogo aja anamwalira mu Febuluwale.
Maliro a kuno, abale anga, ndi achete.
Palibe anazula chitseko, palibe anabisa mbale m'chitenje.
Zonse zinangokhala m'malo mwake,
zolemera, zopukutidwa bwino, zikumudikira.
Ndinamuona atanyamula mulu wa makiyi ndi manja awiri,
ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamumvera chisoni,
ine amene ndinalowa ukulu wanga chimanjamanja
ndikuyenda mopepuka.

Lachitatu lotsatira ndinamupeza atandidikira pakhomo,
maso ofiira, wopanda chikhoti chija.
Anali atapita kale kugeti kukalankhula ndi Dermot;
zimene anakambirana sanandiuze, inenso sindinafunse.
Anatambasula dzanja: ngongole ya sitima ija,
timakobidi totentha chifukwa chofumbatidwa nthawi yaitali.
Ndinawerenga kawiri, pang'onopang'ono, iye akuyang'ana.
Anaperewera mapeni makumi awiri.
Ndinamuuza.
Anabwerera m'nyumba kukawafuna.